Imelo Yanu Ili pa Lendi: Nanga Makiyi Asunga Ndani?

Anthu ambili muno mu Lusaka ali na imelo imene sanasankhe okha. Inabwela pamodzi na foni. Munthu wagula Tecno olo Itel yake ku Katondo Street kapena mu Town Centre, foni yakana kutsegula Play Store popanda akaunti ya Google, ndiye mnyamata wogulitsa uja akuti, "Bweletsani kuno amai, nikupangileni manje-manje." Atenga dzina lanu, aikapo manambala angapo kumapeto, pasiwedi ailemba kumbuyo kwa lisiti, basi Gmail yabadwa. Lisiti ikatayika, wotsala akudziwa pasiwedi ni mnyamata uja, ngati akali kuikumbukila.

Kale zimenezi zinalibe vuto kwenikweni, pakuti imelo inali cabe cinthu cotsegulila foni. Lelo zinasintha. Ku ZRA afuna imelo, ku PACRA polembetsa bizinesi afuna imelo, ku NAPSA cimodzimodzi. Banki itumiza sitetimenti pa imelo. Wofuna nchito atumiza CV pa imelo, mwana wofuna malo ku koleji ayembekezela yankho pa imelo, ndipo wofuna kupikisana pa matenda a boma afunika kulembetsa pa e-GP ya ZPPA, kumenenso popanda adilesi ya imelo simuyenda. Mukaiwala pasiwedi ya Facebook, akutumizilani yokonzela ku imelo imodzimodziyo. Kanthu kamene munthu wina anakupangilani mothamanga pa kantemba ndiye kasunga pafupi-fupi mapepa anu onse.

Masiku ano nimamva anthu ambili akufunsa kumene angasamukile. Ambili ni malo amene awathela. Google ipatsa 15GB yaulele, koma si ya makalata okha: Gmail, Drive na Google Photos zonse zidyela m'mbale imodzi. Kuyambila pa 1 June 2021 zithunzi zatsopano zonse zinayamba kuwelengedwa pa malo amenewo, ndipo kuciyambi kwa 2024 ma backup a WhatsApp pa mafoni a Android nawonso anayamba kudyako. Manje ganizilani mavidiyo a ku kitchen party, a ku cilanga mulilo, na aja a m'gulu la ku chalichi amene alowa m'mawa ulionse. Malo akadzala, makalata atsopano aleka kulowa. Wotumiza abwezeledwa kalata yake, inu muli phee, kuganiza kuti kasitoma sanayankhe.

Ena ni manyazi awavuta. Quotation ya ndalama zambili-mbili, ya ku mgodi kapena ku NGO, koma adilesi ili pansi pake ni dzina lamasewela la kusukulu na caka cobadwa. Enanso ni nkhani ya cinsinsi. Mu 2017 Google inalengeza kuti ileka kuyang'ana zolembedwa m'makalata a anthu pofuna kusankha malonda owaonetsa, koma makalatawo akali pa makina ake, ndipo makiyi otsegulila ali nawo ni iyo.

Onsewa amafunsa funso limodzi: kampani yabwino ni iti? Ine funso limenelo nimaliika paciwili. Loyamba ni ili: tsiku limene mudzafuna kucoka, kapena tsiku limene mudzapeza kuti akutsekelani kunja, mudzatuluka na ciani m'manja? Aliyense amene anakhalapo pa lendi mu Garden, Kalingalinga olo Chawama adziwa kuti ubwino wa nyumba suonekela tsiku lolowa. Adilesi yothela na dzina la kampani ya eni ni nyumba ya lendi. Olo ikhale yaulele, olo ikhale yokongola, dzina la pa geti si lanu.

Pa makalata a inu nokha, lendi ilibe mlandu, malinga mwadziwa landilodi wanu. Outlook.com ni ya Microsoft, ndiyo inalowa m'malo mwa Hotmail yakale, ndipo nayonso ipatsa 15GB ya makalata kwaulele. Kwa munthu amene tsiku lonse ali pa Word na Excel imayenda bwino. Koma tisanamizane, kumeneko ni kucoka kwa landilodi wamkulu kupita kwa landilodi wina wamkulu. Yahoo ambili a ife tinaidziwila mu ma internet café, pamene tinali kulipila pa mphindi. Ikali kugwila nchito, koma mbili yake ili na cipsela: mu 2013 akuba analowa m'makina ake, ndipo mu October 2017 kampaniyo inavomeleza kuti maakaunti onse, 3 biliyoni, anakhudzidwa. Ngati pasiwedi yanu ya Yahoo ikali ija ya ku café, siyani nyuzi iyi pang'ono mukasinthe.

Amene afuna cinsinsi amachula kwambili Proton Mail. Inayambika mu 2014 na akatswili a sayansi amene anakumana ku CERN, ndipo likulu lake lili ku Switzerland. Makalata amasungidwa otsekedwa m'njila yakuti olo kampaniyo singawelenge zili mkati. Yaulele ipatsa malo ofika pa 1GB, amene ni ocepa kwambili kwa munthu wozolowela kutumizilana zithunzi. Tuta ya ku Germany, imene mpaka mu 2023 inali kuchedwa Tutanota, iyenda m'njila yofanana, nayonso 1GB kwaulele.

Apa pali zinthu zimene otamanda makampani awa sakonda kukamba. Citetezo conse cija cimakwana pamene nonse awili muli pa kampani imodzimodziyo, kapena pamene mwatseka kalata na pasiwedi imene mwauzana pambali. Mukalembela mlamu wanu amene ali pa Gmail, kalata ikafika kwa iye ili pa makina a Google monga ina iliyonse. Ndipo Proton si nyumba yopanda malamulo: mu 2021 inamveka nkhani yakuti inapeleka IP address ya munthu wina wa ku France womenyela nkhani za cilengedwe, itakakamizidwa na akulu-akulu a zamalamulo a ku Switzerland. Makalata sanawelengedwe, koma malo amene anali kulowela pa intaneti anadziwika.

Cimene cimanidetsa nkhawa maningi kwa anthu a kwathu ni cina. Popeza kampani ilibe kiyi ya makalata anu, mukaiwala pasiwedi, ndipo simunasunge mau obwezela akaunti amene anakupatsani poyamba, makalata akale simudzawawelenganso olo mutsegulenso akauntiyo. Kulibe wocondelela, kulibe "bwana nithandizeniko." Ife amene tinazolowela kupeleka foni kwa mnyamata wa ku Town Centre kuti aiflashe, tiyenela kuganiza kawili. Ku Tuta akaunti yaulele imene simunalowemo kwa miyezi 6 amaifafaniza. Kwa mtolankhani, loya, kapena wogwila nkhani za anthu zimene zikatuluka zingapweteke munthu, ningakambe kuti Proton ni yoyenela. Kwa amai ogulitsa salaula ku City Market amene afuna cabe kulandila ma lisiti a ZRA, niona monga kugula loko ya ku banki kuika pa khola la nkhuku. Iliponso Fastmail ya ku Australia, yoyenda bwino komanso yopanda malonda, koma ilibe yaulele.

Pa bizinesi ndiye nkhani isintha. Kumeneko cinthu coyamba kugula si imelo iyayi, ni domain, dzina lija limene limabwela pambuyo pa cizindikilo ca @. Mukakhala na lanu, tinene kuti dzina la shopu yanu lothela na .co.zm kapena .com, adilesi ikhala yanu. Makalata angasungidwe na kampani iyi caka cino, caka camawa mwakwiya nayo mwapita kwina, koma adilesi yosindikizidwa pa ma invoisi, pa galimoto na pa cikwangwani sisintha. Cimene cisintha ni mizele yocepa cabe, yochedwa MX records, imene iuza makalata kumene ayenela kukafikila. Makasitoma sadziwa n'komwe kuti mwasamuka. Kumeneko ndiye kukhala na puloti yanu.

Acikulile a m'tauni muno aidziwa bwino nkhani iyi. Zambia inalowa pa intaneti mu November 1994 kupitila mu ZAMNET, kampani imene inabadwila pa University of Zambia, ndipo tinali pakati pa maiko oyambilila mu Africa kucita zimenezi. Masiku amenewo adilesi yothela na zamnet.zm inali ulemu, unali kuilemba pa business card monyadila. Makampani ena a intaneti amene anabwela pambuyo nawonso anali kupatsa makasitoma ma adilesi okhala na dzina la kampaniyo. Vuto linali kuonekela posintha wokupatsa intaneti: adilesi inali kutsala kumene wacoka, pamodzi na anthu onse amene anali kuidziwa.

Ma domain othela na .zm ayang'anilidwa na ZICTA, ndipo mumagula kupitila m'makampani ovomelezedwa kugulitsa. Amalipilidwa pa caka, monga .com. Ine nimakonda .co.zm kwa munthu amene makasitoma ake ali muno, cifukwa ionetsa kuti ndinu wa pano. Amene agulitsa kunja angakonde .com. Zonse zigwila nchito. Nkhani yaikulu ili pa dzina limene lalembedwa monga mwini wake.

Apa nifuna kukhalapo pang'ono, cifukwa ndiye pamene mabizinesi ang'ono-ang'ono ambili agwela. Mwalemba mnyamata wodziwa makompyuta kuti akupangileni website na imelo. Iye pofuna kufulumiza alembetsa domain m'dzina lake, na imelo yake, na kadi yake. Zonse ziyenda bwino mpaka tsiku limene mwasemphana pa malipilo, kapena wapeza nchito ku Solwezi, foni yake siimveka. Caka catha, domain sinalipilidwe, imelo yazima, ndipo uthenga wocenjeza unali kupita kwa iye. Mwaona, munali kuganiza kuti muli pa puloti yanu, koma title deed ili m'dzina la bilikileya. Conde, pogula domain, onetsetsani kuti dzina la mwini ni lanu kapena la kampani yanu monga mmene lilili ku PACRA, ndipo pasiwedi yolowela ku akaunti ya wogulitsa domain muli nayo ndinu. Imelo yolandililapo macenjezo a malipilo isakhale ya pa domain imeneyo. Domain ikazima, cenjezo lidzafikila kuti? Apa ndiye Gmail yanu yakale ipeza nchito.

Ubwino wina uonekela pa anchito. M'mashopu ambili a ku Kamwala na mu Freedom Way muli Gmail imodzi imene onse adziwa pasiwedi yake: abwana, mkazi wao, mtsikana wa pa kaunta, na mphwake amene anathandizako pa holide. Nambala yobwezela akaunti kambili ni ya wanchito amene anaitsegula. Wanchitoyo akacoka mokwiya, acoka na makasitoma, mitengo ya ma supplier na ma quotation a zaka zisanu. Pa domain yanu, munthu aliyense ali na bokosi lake, kapena mupanga ma adilesi a udindo monga sales na accounts, ndipo mwini bizinesi ndiye ali na mphamvu yotseka na kutsegula. Wina akacoka Cisanu, Mande wolowa m'malo apeza makalata onse alipo.

Koma domain si mankhwala a zonse. Amalonda amene aitanitsa katundu ku Guangzhou, Dubai, Dar es Salaam na Johannesburg adziwe kuti kuli akuba amene nchito yao ni kuwelenga mwakacetecete makalata a pakati pa wogula na wogulitsa. Akaona kuti nthawi yolipila yafika, atumiza kalata pa adilesi yofanana kwambili na ya supplier wanu, mwina asintha cilembo cimodzi cabe, l kukhala 1, kapena m kukhala r na n zogundana. Kalatayo ikamba mwaulemu kuti akaunti ya ku banki yasintha. Mwatumiza madola, katundu safika pa Nakonde, supplier weniweni akuti sanalandile kalikonse. Palibe kampani ya imelo imene ingakuchinjilizeni kothelatu ku zimenezi. Kalata iliyonse yosintha nambala ya akaunti, tumani foni pa nambala imene munali nayo kale, osati imene yalembedwa m'kalatayo.

Mukakhala na domain, ndiye manje mufunsa kuti makalata asungidwe kuti. Njila yochipa kwambili ni imelo imene imabwela pamodzi na hosting ya website. Makampani a muno alipo, ena alandila kwacha na mobile money, ndipo zinthu zikavuta mungapite pa ofesi yao kukakamba na munthu pamaso. Zimenezo si zocepa. Kuipa kwake n'kwakuti pa seva imodzi mumakhala ambili monga pa mdadada wa nyumba za lendi. Neba mmodzi akayamba kutumiza spam, dzina la seva yonse liipa, ndipo ma quotation anu ayamba kugwela mu spam ya makasitoma. Musanalipile, funsani ngati adzakuikilani SPF, DKIM na DMARC. Musaope maina amenewo. Ni zidindo cabe zotsimikizila kuti kalata yacokeladi ku domain yanu. Kuyambila mu February 2024, Google na Yahoo anakhwimitsa malamulo pa makalata obwela opanda zidindo zimenezi. Wogulitsa hosting akayamba kukanda m'mutu pomva mau amenewa, pitani kwina. Funsaninso malo amene bokosi lililonse lipatsidwa, na kuti backup acita kangati.

Zoho Mail, ya kampani ya ku India, ndiyo nimauza anthu ambili oyamba kumene kuti aiyang'ane. Kwa zaka zambili yakhala na pulani yaulele ya anthu ofika 5 pa domain imodzi, aliyense 5GB. Cipsinjo cake n'cakuti pa yaulele mumawelengela makalata pa website yao kapena pa app yao cabe, simungawalumikize ku Outlook ya pa kompyuta. Kwa saluni, hardware kapena kampani ya anthu atatu yonyamula katundu, zimenezo zikwana. Mukakula, mulipila pang'ono n'kutsegula zotsalazo.

Pamwamba pali Google Workspace na Microsoft 365. Workspace ni Gmail imene muidziwa kale, koma yovala dzina lanu. Microsoft 365, malinga na pulani, ibwela na Word, Excel na Teams. Zonse ziwili n'zolimba, ndipo makalata ake sakonda kusocela. Koma malipilo ake ni a munthu aliyense pamwezi ulionse, ndipo mitengo yake itsatila dola. Ife tidziwa mmene kwacha imavinila. Mtengo umene uoneka wocepa pa munthu mmodzi, ucuulukitseni na anchito 8, na miyezi 12, ndiyeno muganize kuti dola yakwela. Mufunikanso kadi yolipilila pa intaneti, ndipo ikatha nthawi kapena ikakhala yopanda ndalama, akaunti amaiimitsa. Njila imodzi yocepetsela bilu ni kulipilila anthu enieni cabe. Ma adilesi monga info na sales angakhale maina owonjezela ogwela m'bokosi la munthu mmodzi, popanda kulipila padela.

Aliponso amene amati, bwanji osaika seva yathu mu ofesi? Amene anali muno mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kupita kuposa theka la tsiku, sangafunse kawili. Imelo ifuna makina osazima usana na usiku.

Kwa a makiliniki, masukulu, ma microfinance na onse osunga nkhani za anthu ena, pali lamulo lofunika kuliwelenga musanasankhe. Data Protection Act ya 2021 ikamba kuti nkhani za anthu zizisungidwa pa makina a m'dziko muno, ndipo iika malamulo pa kuzitumiza kunja, maka-maka zija zacinsinsi monga za matenda. Makampani onse akunja amene nachula asunga makalata kunja kwa Zambia. Ngati zotuluka za ku labu kapena makope a ma NRC a makasitoma ayenda pa imelo yanu, khalani pansi na loya musanalipile caka cathunthu.

Posamuka, musathamangile kutseka Gmail yakale. Foni yanu ya Android ikali kuifuna, ndipo mukaiflasha idzakufunsani akaunti imene inalimo isanatseguke. Kopani makalata akale na Google Takeout, kapena na cida cosamutsila cimene makampani ambili amapeleka. Ikani forwarding kuti obwela ku adilesi yakale azifika ku yatsopano. Ndiyeno yambani kusintha kumodzi-kumodzi, kuyambila kumene kuli ndalama: ku banki, ku ZRA, ku NAPSA, ku PACRA, kwa ma supplier. Zitenga miyezi, ndipo padzapezeka ndithu amalume ena amene adzapitiliza kulembela ku yakale mpaka kale-kale. Muzilowamo nthawi na nthawi, pakuti kuyambila mu December 2023 Google inayamba kufafaniza maakaunti amene akhala zaka 2 osagwilitsidwa nchito.

Kulikonse kumene mwapita, yang'anani nambala ya foni imene ili pa akaunti. Muno timasintha ma SIM monga masokosi, kutsatila bundle yochipa. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwila nchito, kampani ya mafoni imaipatsa munthu wina, ndipo makodi obwezela imelo yanu ayamba kufikila mlendo ku Mansa. Ikanipo nambala imene simudzaitaya, yolembetsedwa m'dzina lanu. Yatsani citetezo ca masitepe awili, ndipo ngati n'kotheka seŵenzetsani app yopanga makodi m'malo mwa SMS. Mafoni amabedwa pa Kulima Tower na m'ma minibasi tsiku lililonse, conco lembani papepa makodi apadela amene amakupatsani. Google ipatsa 10. Pepalo muliike kumene musunga NRC na mapepa a nyumba, osati m'kava ya foni.

Cotsala ni cimene sitikonda kukamba. Mwini shopu akamwalila, acibale amakhala pa nyumba ya malilo na foni yokhoma m'manja, ma supplier akufuna ndalama zao, okongola ali cete, ndipo mapepa onse ali mu imelo imene palibe wodziwa pasiwedi. Google ili na cida cochedwa Inactive Account Manager, cimene mungasankhilepo anthu ofika 10 oti adzapatsidwe zinthu zanu ngati akaunti yakhala cete kwa miyezi imene mwaika. Pa domain ya bizinesi, ikanipo munthu waciwili wokhala na mphamvu ya admin, kaya ni mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu wa mu bizinesi, ndipo mumuonetse polowela mukali na moyo.